Nsagwada zikauma: zimene ndaphunzira kuno ku Uliwa chithereni chithandizo cha khansa

Munthu akabwerako ku chithandizo cha khansa, abale amabwera ndi nkhuku, a mpingo ndi pemphero lothokoza, ndipo pakapita timasabata aliyense amabwerera kudimba kwake. Kwa iwo nkhani yatha. Koma kwa amene anachitidwa opaleshoni ya m'kamwa kapena kuwotchedwa pakhosi ndi makina a radiotherapy, apa m'pamene pamayambira ntchito ina yopanda odzazonda. Nsagwada zimauma, masaya ndi khosi zimakungika, ndipo pakamwa pamene kale pankaluma chimanga chootcha pamayamba kukana ndi supuni yomwe.

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndimakhala ku Uliwa pafupi ndi Chilumba, m'dera la Mfumu Wasambo ku Karonga. Chotupa changa chinali chakummero, kuseri kwa lilime. Opaleshoni itatha ndinakawotchedwa kunja kwa dziko, chifukwa nthawi imeneyo m'Malawi muno munalibe makina otere; odwala ankapita ku India, ku Ocean Road ku Dar es Salaam, kapena ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Lero zasintha. Chipatala cha International Blantyre Cancer Centre, chomwe si cha boma, chinayamba kuwotcha mu 2024, ndipo National Cancer Centre ya pa Kamuzu Central ku Lilongwe inatsegulidwa mu 2025. Ndiye kuti anthu obwerera kumudzi ndi nsagwada zonga zanga achuluka, ndipo ndi iwowo amene ndikuwalembera. Si ine dokotala. Zimene zili pansipa ndi zomwe madokotala anandiphunzitsa, thupi langa n'kuzivomereza.

1. Chakudza sichiimba ng'oma

Pobwerako ndinali ndi zilonda m'kamwa ndi khungu lopserera pakhosi, koma pakamwa pankatseguka bwinobwino. Zilonda zitapola m'pamene kuuma kunayamba kukwawa. Poyamba kunali kuyasamula kosafika kumapeto. Kenako nthochi yakupsa ndinayamba kuidula m'litali ndisanadye, ndipo amene anaona zimenezi ndi akazi anga, ine osadziwa n'komwe kuti kadyedwe kanga kasintha.

Dokotala wa mafizo anandifotokozera chimene chimachitika. Anthu ambiri amawotchedwa masiku 5 pa sabata kwa masabata 6 kapena 7. Cheza cha makinawo chimapha khansa, koma chimadutsanso m'minofu yotafunira, uja wa patsaya wotumphuka mukaluma mano ndi ina yobisika mkati, komanso pamfundo ya kutsogolo kwa khutu pomwe chibwano chimalumikizana ndi chigaza. Thupi pokonza malo ovulalawo limaikapo mnofu wa chipsera, wolimba ndi wosatamuka, ndipo timitsempha ta magazi pamenepo timachepa. Mpeni wa opaleshoni nawo umasiya zipsera zake. Amene anaonapo chikopa cha ng'ombe chitayanikidwa padzuwa akudziwa mathero ake: chosiyidwa chimauma gwa, chimafewa chokhacho chimene wofufuta akuchipotokola tsiku ndi tsiku. Kuchipatala vutoli amalitcha trismus. Limathamanga kwambiri m'chaka choyamba, koma likhoza kupitirira mwakachetechete kwa zaka.

Achikulire ena atamva kuti pakamwa pakukana kutseguka anati ndi kafumbata. Si kafumbata ayi. Uja amachokera pa bala, amagwira m'masiku ochepa, thupi lonse n'kumakungana, ndipo ndi wothamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo. Zathuzi zimayenda pang'onopang'ono, n'chifukwa chake zimapusitsa.

2. Zala zitatu ndi rula

Munthu wabwinobwino amalowetsa zala zake zitatu zitasanjikizana choimirira pakati pa mano akutsogolo. Pa rula ndi mamilimita 40 kapena kuposerapo. Mu 2006 madokotala a ku Groningen ku Netherlands, atayeza odwala khansa ya m'kamwa ndi pakhosi, anaika malire pa mamilimita 35: kuyambira pamenepo kutsika m'munsi, mavuto a kudya ndi kuyankhula amachuluka. Muyeso umenewu ndi umene zipatala zambiri zimatsatira lero. Ine zitafika poipa, zala ziwiri zinkalowa chokakamiza.

Kwa ife a kuno kuyezedwa si kwachilendo. Chiyambireni 1979, pamene a Lepra anayamba kufufuza khate ku Chilumba, mpaka ofufuza a KPS ndi a MEIRU, tayezedwa msinkhu, takwera sikelo, tapereka magazi. Tsono pakamwa pako pomwe n'kulephera kuyeza? Sabata iliyonse, tsiku lomwelo ndi nthawi yomweyo, ndisanachite mafizo, ndimaima pagalasi n'kuika rula kuchokera kunsonga ya dzino lakumwamba kufika kunsonga ya lam'munsi, nambalayo n'kuilemba kumapeto kwa kope. Amene alibe mano akutsogolo ayeze pankhama, bola malo ake akhale omwewo nthawi zonse.

Mtima umanama, n'chifukwa chake. Tsiku lodzuka wokhumudwa umaona ngati zaipiratu, pomwe nambala ili yomwe ija ya sabata yatha. Tsiku lachisangalalo umaona ngati wachira, n'kuyamba kuzemba mafizo. Ndiponso kwa dokotala wa pachipatala chaching'ono, amene panja pakumudikira mzere wautali, mawu oti "pakamwa pakuvuta" ndi opepuka. Kope loonetsa manambala akutsika mwezi wathunthu limamuimitsa cholembera.

3. Mafizo

Apa ndikhalitsapo, chifukwa zina zonsezo n'zongothandizira.

Ndimayamba ndi kusisita tsaya mozungulira ndi nsonga za zala, kutsogolo kwa khutu kutsika mpaka pangodya ya chibwano. Kenako ndimayasama mpaka pothera, kugwira pamenepo, kupumula. Chibwano kumanja, kumanzere, kutsogolo. Zikatero ndimathandizira ndi zala mopingasa, chachikulu pamano akumwamba, chamkombaphala pamano am'munsi, n'kumakankha pang'onopang'ono. Pomaliza pamabwera timatabwa.

Timatabwati ndi tija adokotala amapanikizira lilime akamayang'ana kukhosi. Mumatisanjikiza mpaka mulu wake ungokwana pakati pa mano am'mbali, n'kumanga kumapeto ndi mphira. Mukauzolowera, kamodzi kowonjezera mumakalowetsa pakati pa muluwo, osati pamwamba, kuti kasakhule dzino. Kamodzi sikafika ndi mamilimita 2 omwe, ndipo pakhoza kupita masabata musanawonjezere kena. Kumayiko olemera kuli kachipangizo kotchedwa TheraBite, kamene mumakaluma n'kumafinya chogwirira kuti kakutseguleni pakamwa, koma mtengo wake ndi madola mazana angapo. Ndondomeko zake zodziwika ndi ziwiri. Ina ndi 7-7-7: kukoka ka 7, kulikonse masekondi 7, maulendo 7 pa tsiku. Ina ndi 5-5-30: maulendo 5 pa tsiku, kukoka ka 5, kulikonse masekondi 30. Zonsezi zimathekanso ndi timatabwa. Ine ndinatenga yachiwiri, popeza mphunzitsi sangamangotuluka m'kalasi. Podzuka, pa buleki, masana, madzulo ndi pogona, zakwana.

Kukokeka kumveke, koma kuwawa kobaya ayi. Amuna a kunyanja kuno timakhulupirira mphamvu, ndipo m'bale wanga wina, msodzi wa manja olimba, anadzipereka kuti anditsegule yekha ndi chogwirira cha supuni kamodzi n'kamodzi. Ndinamuthokoza n'kumukana. Mnofu ukang'ambika umapola ndi chipsera china, m'mawa mwake n'kupezeka kuti mpata wachepa kuposa dzulo. Ngati ululu ukukulepheretsani kuyamba kumene, funsani adokotala za mankhwala oti muzimwa mafizo asanayambe.

Pali anthu ena amene asayerekeze kugwira timatabwa asanavomerezedwe ndi dokotala amene anawachita opaleshoni: odulidwa fupa la chibwano, a mano ogwedera, ndi amene ali ndi bala losapola m'kamwa.

Ndinene mosabisa kuti mafizo sabwezera aliyense pakamwa pa kale. Ena amapindula mamilimita angapo, ena sentimita yathunthu, ena amangoimitsa kutsekekako. Kungoimitsako musakuyese kulephera, chifukwa mpata wolowa supuni ndi mswachi ndi umene umalekanitsa munthu wodya yekha ndi wodyetsedwa pachubu. Woyamba msanga, makamaka woyamba adakali pa radiotherapy, ali ndi mwayi kuposa wodikira kuti zilimbe kaye. Ndipo ntchitoyi ilibe tsiku lotsekera. Malungo akakugonekani sabata imodzi, kapena maliro akagwa n'kukagona kusiwa masiku angapo, rula imakuuzani. Nchifukwa chake timatabwa tanga timayenda m'thumba la jekete, ndipo pamaliro ndimazembera kuseri kwa nyumba mphindi zingapo. Ena amayesa ndapita kukasuta. Asiyeni aganize choncho.

Chondithandiza kwambiri kuti ndisaiwale si mtima wanga wolimba ayi, koma kumangirira mafizo pa zinthu zimene sindiziphonya. Akazi anga akatereka tiyi amangoti, "Adada, timatabwa kaye," kapu ili m'manja mwawo.

Khosi ndi mapewa musaziiwale. Kutembenuza mutu uku ndi uku, kuweramitsa khutu kuphewa, kukweza chibwano kumwamba, zonse mofatsa. Pamsewu wa M1 pamadutsa malole a mafuta ochokera ku Songwe, ndipo munthu wa panjinga amene khosi lake silicheuka ali pangozi yoposa ya khansa.

4. Kukungika kwa nkhope kuli pawiri

Kwina ndi chipsera chija, kwina ndi madzi. Anabere a m'khosi akachotsedwa kapena kuwotchedwa, tinjira totsitsa madzi a m'thupi kuchokera kumaso timatsekeka, madziwo n'kumadikha pansi pa khungu. Dzina lake ndi lymphoedema. Kuzindikira kwake n'kosavuta: m'mawa pansi pa chibwano pamakhala thumba, zikope zimalemera, mawu amasasa, koma dzuwa likakwera zimaphwera.

Njerwa pansi pa miyendo yakumutu ya bedi zinandithandiza kuposa mankhwala alionse. Amene amagona pamphasa aunjike mitsamiro kuti mutu ndi mapewa zikwere. Kusisita kwa kutupaku n'kosiyana ndi kwa nsagwada. Uku n'kopepuka kwambiri, kungosuntha khungu, kuyambira m'munsi mwa khosi kuti njira itseguke kaye, kenako n'kumakwera kumaso. Kolozera madziwo kumatengera mbali imene munachitidwa opaleshoni, tsono akusonyezeni ndi dokotala wa mafizo, osati mnzanu wa pabedi loyandikana. Kutupa kolekereredwa kumadzalimba n'kusanduka chipsera nakonso.

Za kuthowa: kansalu ka madzi ofunda kamafewetsa tsaya mafizo asanayambe, koma kutentha kumawonjezera kutupa, ndiye tsiku lotupa sindithowa. Ndipo madziwo ayezedwe ndi mkono, chifukwa khungu lowotchedwa limachita dzanzi, munthu n'kupsa osamva. Tayi ndinasiya, batani la pakhosi sindimanga, ndipo a kusukulu anazolowera.

Nyengo nayo ili ndi mawu. Mwera wa mu Juni ndi Julayi ukamawomba kuchokera kunyanja, nsagwada zimadzuka zolimba, ndiye mpango pakhosi ndi mafizo otalikirapo. Dzuwa la Okutobala, lija la ku Karonga losaseka ndi munthu, limatupitsa nkhope ndi kuumitsa m'kamwa, ndipo khungu lowotchedwa limapsa msanga. Chipewa chachikulu, botolo la madzi, mafuta odzola opanda fungo. Basi.

5. Mbale yathu yomwe ija, kaphikidwe kena

Chakudya chilichonse cha kuno chandiphunzitsa kanthu. Muzikumbukira kuti radiotherapy imawononganso timatumba totulutsa malovu, ndiye vuto silikhala khomo lochepa lokha, m'nyumbamo namonso mwauma.

Kondowole amamata. M'kamwa mopanda malovu amakakamira kumwamba, chala chokamuchotsa osalowa. Ndimamudyabe, koma timbamu ting'onoting'ono, tophwatalala, tomira mumsuzi. Masiku ovuta ndimadya nsima yachimanga yofewa. Mpunga wa Kilombero wa ku Hara ndi ku Wovwe, umene anzathu a ku Lilongwe amatituma, kwa ine ndi wachiwembu: njere zake zimabalalika n'kukabisala m'tsaya komwe lilime silifika, zina n'kutsamwitsa. Uphikidwe wa madzi ambiri kapena ukhale phala. Usipa wouma timausinja mumtondo n'kuuphika ndi nsinjiro. Chambo ndi utaka zimafuna munthu wina wochotsa minga poyera, masana, chifukwa munga ukalowa m'kamwa motere kuutulutsa ndi mlandu. Kampango ndi mlamba ndi abwenzi, minga yawo ing'onoing'ono ndi yochepa. Mbalagha imadyeka nthochi zikapsa kwambiri n'kuzikanya, nyama yake n'kuisinja. Nzimbe ndi chimanga chootcha ndinatsazikana nazo, kambuzi chimodzimodzi. Mango ndimadula ndi mpeni, adzukulu n'kumaseka kuti agogo akudya chizungu.

Ndiwo yoposa zonse ndi therere. Limene ena amalinyoza kuti ndi la amphawi, kwa munthu wopanda malovu ndi limene limatsetseretsa nsima kummero.

Ngozi yaikulu ndi kuwonda. Pakamwa pakachepa chakudya cholowa chimachepa, ndipo phala lamadzimadzi limakhutitsa koma silimanga thupi. Supuni iliyonse ikhale yolemera: nsinjiro, dzira, mkaka, soya, kamafuta kophikira. Likuni Phala si la ana okha. Mapeyala, futali, chiponde chosungunula m'phala, chambiko ngati sichikuwawa m'kamwa. Kudya pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku, ndi supuni ya tiyi, mutakhala tsonga, osayankhula chakudya chili m'kamwa. Mwezi ndi mwezi kwerani sikelo. Komabe musathawire kuphala lokha ngati kutafuna kukutheka, popeza kutafunako ndi mafizo akenso. Mukamatsokomola pomeza paliponse, kapena mawu akamamveka onyowa mukatha kudya, auzeni adokotala, chifukwa chakudya chikhoza kumasochera kumapapo n'kuyambitsa chibayo.

Chovuta kwambiri si cha kukhitchini, ndi cha pagulu. Paukwati ndi pamaliro amuna timazungulira mbale imodzi, ndipo ine ndikamamaliza mbamu zoyambirira anzanga akusamba m'manja. Kukana chakudya kwa eni nakonso ndi mwano, ena amayesa ukuwaganizira zoipa. Njira yanga ndi iyi: ndimadyeratu kunyumba, pagulu ndimalawa pang'ono, n'kuwauza eni ake poyera kuti, "Amama, musadandaule, ndiwo zakoma, koma pakamwa panga ndi paja." Palibe amene anakwiyapo atauzidwa choncho.

6. Dzino lisazulidwe chisawawa

Ngati pali phunziro limodzi loti muliuze banja lonse, ndi ili. Malovu ndi amene amateteza mano, ndiye akachepa mano amawola msanga, makamaka cham'munsi pankhama. Ndipo fupa la chibwano lowotchedwa silipola ngati kale. Dzino likazulidwa pamalo otere pakhoza kutsala bala losatseka, fupa n'kuyamba kufa, matenda amene amatchedwa osteoradionecrosis. Ngoziyi simatha ngakhale papite zaka zambiri.

Kwathu kuno mankhwala a dzino lopweteka ndi amodzi: kuzula. Tsono musalole aliyense kugwira pulayazi m'kamwa mwanu musanamuuze kuti munawotchedwa, ndipo nkhaniyo igamulidwe pachipatala chachikulu monga Mzuzu Central mogwirizana ndi madokotala a khansa. Chabwino koposa n'kuonana ndi dokotala wa mano radiotherapy isanayambe, kuti mano owola achotsedwe nthawi yopolera idakalipo. Madokotala a mano ndi ochepa m'dziko muno. Sukulu yawo inayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences. Ndiye kusamala kwakukulu kuli m'manja mwathu.

Ine ndimagwiritsa mswachi wa mwana, wa kamutu kakang'ono kofewa, chifukwa wa akulu sufika kumano am'kati. Mankhwala otsukira akhale a fluoride, ndipo mukatsuka mulavule osachukucha ndi madzi. Mukatha kudya chukuchani ndi madzi owiritsa: lita imodzi, supuni ya tiyi imodzi ya mchere ndi imodzi ya soda wophikira. Masiwiti ndi zakumwa zotsekemera zonyowetsera m'kamwa ndi msampha. Zoyera zomata palilime ndi m'masaya kawirikawiri ndi mafangasi, ndipo ali ndi mankhwala ake kuchipatala. Fodya, kaya wosuta kaya wa pankhama, ndi kachasu, zimenezo musandifunse n'komwe.

7. Nkhope yosamwetulira imafuna woimasulira

Tsaya lokungika silimwetulira mokwanira. Mumtima ukuseka, nkhope ili duu. Pamsika wa pa Uliwa mayi wina wogulitsa tomato anandifunsa, "Asambizgi, mwakwiya na njani?" Ena osafunsa amangogamula kuti munthuyu chibwerereni kunja wayamba kunyada. Tsono ndinaphunzira kupereka moni ndi zinthu zina: dzanja logwira motalikirapo, mawu ofunsa za kunyumba mmodzimmodzi, kuima m'malo mongodutsa.

Ana asukulu ndinawauza tsiku loyamba lomwe, ndinawaonetsa ndi timatabwa tomwe. Anandiyang'anitsitsa masiku ochepa n'kuiwala. Ovuta ndi akuluakulu, amene amayang'ana kumbali kuopa kuoneka kuti akuyang'ana. M'kalasi ndimayankhula mofatsa, ziganizo zifupizifupi, zambiri ndimalemba pabolodi, ndipo ndikutha kunena kuti ana akumva bwino kuposa pamene ndinkakuwa. Kukwaya mawu okwera aja anapita, koma ndimaimbabe chapansipansi, popeza kuimba kumayendetsa chibwano ndi lilime. Za mgonero ndinanong'oneza mkulu wa mpingo, ndipo amandisungira kachidutswa kakang'ono.

Pali masiku amene galasi limalemera kuliyang'ana. Akachuluka masiku otere, tulo n'kusowa, chilakolako cha chilichonse n'kutha, amenewo ndi matendanso ofuna chithandizo. A St John of God ku Mzuzu ntchito yawo ndi yomweyo, ndipo kupitako sikutanthauza misala.

8. Lumo ayi

Aliyense ali ndi mankhwala. Wina akuti ndi ufiti, anakumangani pakamwa kuti musadandaule za munda. Wina akuti ndi mizimu. Wina wabwera ndi mafuta otentha a m'kabotolo. Za ufiti sinditsutsana ndi munthu, nthawi yake ndilibe. Pemphero ndimalandira ndi manja awiri. Koma mphini pankhope kapena pakhosi ndimakana ngakhale atanena ndi amalume. Khungu lowotchedwa limachedwa kupola, ndipo pamalo podikha madzi tizilombo timaswana msanga. Pometa ndevu pomwe ndimasamala kuti ndisadzicheke.

9. Zosadikira tsiku la pakhadi

Mpata ukachepa mwadzidzidzi m'masiku ochepa. Ululu watsopano wosaleka, makamaka wolasa kukhutu. Chotupa chatsopano m'khosi, bala la m'kamwa lopitirira masabata awiri, magazi, fupa loonekera pankhama. Nkhope yofiira, yotentha, yopweteka, thupi n'kutentha. Kubanika popuma, kapena kulephera kumeza ndi madzi omwe. Zina mwa izi ndi tizilombo, zina ndi fupa, zina ndi khansa yobwerera, ndipo palibe mwa izo chimene timatabwa tingachize. Nyamukani tsiku lomwelo.

10. Kabuku ka kuchipatala kayankhule m'malo mwanu

Pafupi pano tili ndi Chilumba Rural Hospital ndi St Anne's. Ku boma la Karonga ndi makilomita pafupifupi 70, ku Mzuzu pafupifupi 150 kudzera mapiri a Chiweta, ku Lilongwe pafupifupi 500. Amene anakuwotchani ali kutali, ndipo amene adzakuoneni usiku mutadwala mwina sanakumanepo ndi munthu wa trismus. Inunso tsiku limenelo kuyankhula kukhoza kukuvutani. Tsono patsamba loyamba la kabuku palembedwe momveka: mtundu wa khansa, malo amene anawotchedwa, mlingo wake, tsiku lomaliza, ndi mpata wa pakamwa m'mamilimita. Tsambalo mulijambule pafoni ya mkazi wanu kapena ya mwana.

Mukamapita ku opaleshoni ina iliyonse, ngakhale ya mwendo, dokotala wogonetsa adziwiretu kuti pakamwa sipatseguka, chifukwa chubu chopumira chimadzera pomwepo. Mapiritsi akamakanika kumeza funsani musanawaphwanye, ena saphwanyidwa. Kutopa kosatha ndi kuzizidwa pakati pa dzuwa zikhoza kuchokera ku chithokomiro, chimene chimafooka khosi likawotchedwa, ndipo magazi ndi amene amaonetsa. Ululu ukakula, a palliative care si a anthu oyembekezera kufa okha. Morphine wamadzi amapezeka m'zipatala za boma. Madokotala a mafizo ali ku Mzuzu Central, ndipo a MAP, bungwe lothandiza olumala, ali ku Rumphi. Mukawapeza, apempheni kuti wokuperekezani ajambule mafizowo pafoni, chifukwa pofika pa Uliwa theka la zimene anakusonyezani limakhala litauluka.

Inu amene m'bale wanu wapatsidwa tsiku loyamba radiotherapy ya kumutu kapena pakhosi, mufunsireni zinthu izi asanagone pamakinapo: amuyeze pakamwa n'kulemba nambala m'kabuku, aonane ndi dokotala wa mano, ndipo amusonyeze mafizo oti ayambe sabata yomweyo. Timatabwa mupemphe musanakwere basi yobwerera, m'magolosale a pa Uliwa satigulitsa.